Lachinayi ku Ngabu

Lachinayi lililonse ndimatsamiritsa njinga pa mtengo wa nimu
kuseri kwa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu,
n'kulowa ngati wodwala wopanda bala loonetsa.
Khoti linati miyezi isanu ndi umodzi.
Fani ya kudenga inafa kalekale,
thukuta limadonthera pa pepala la mayi Alufandika,
iwo osapukuta.

Tsiku loyamba anali ndi mafunso makumi awiri.
Mumamwa? Ndimamwa.
M'nyumba muli chikwanje?
Ndimadula nzimbe ku Nchalo, mayi, chikwanje ndiye khasu langa.
Analemba.
Munayamba mwamugwirapo pakhosi?
Ndinayang'ana kalendala ya chaka chatha pakhoma.
Kamodzi, ndinatero.
Kamodzi kangati?

Ndinati ndi kachasu.
Ndinati ndi dzuwa la Okutobala, lopengetsa ndi mbuzi zomwe.
Ndinati pakamwa pa Luwiza ndi lumo,
ndinati bambo anga ankatero ndipo mayi anakalambira pabanja.
Anandisiya nditule katundu yense,
kenaka anafunsa, mawu osakweza:
Kapitawo akakudulani malipiro,
akakutukwanani pamaso pa anzanu,
dzuwa lomwelo, kachasu yemweyo m'mutu,
munam'menyapo kangati?

Kunja wina ankapopa madzi pa mjigo.
Ndinamvetsera mpaka ndowa inadzaza.
Kani dzanja langali lili ndi maso,
limadziwa tsaya lopanda kokadandaula.

Pansi pa pepala panali mabokosi atatu.
Ndinaona cholembera chikudumpha awiri
n'kutera pa lomaliza: chiopsezo chachikulu.
Ine, amene ndinabereka nkhalamba ziwiri kumsana
usiku umene Mwanza anasefukira,
ine woimba besi m'kwaya!
Iwo anati zimenezo n'zoona,
izinso n'zoona.

Tsopano tilipo asanu ndi awiri pa benchi:
wakabaza, msodzi wa ku Chiromo, wogula thonje,
mphunzitsi wina wobisa nkhope m'chipewa.
Tonse tinabwera ndi chilankhulo chimodzi:
anagwa yekha, dzanja linapulumuka, zinangochitika.
Mayi Alufandika amatibweza.
Nenaninso, muyambe ndi ine.
Ine ndinatsekera ana panja.
Ine ndinakweza wailesi kuti anansi asamve.
Kamawu kakafupi chonchi
koma kulemera ngati mtolo wa nzimbe zonyowa.

Anati inu a kuchigwa mumadziwa mtsinje.
Sudzaza mwadzidzidzi:
mvula imagwa kumapiri kosaoneka,
madzi amayamba kufiira, kubwera ndi zinyalala,
wanzeru amasamutsa mbuzi kusanade.
Wanga umayambira m'nsagwada,
kenaka makutu kutentha, malovu kuuma.
Pamenepo ndiye pothawira kumtunda.
Ndimatuluka, ndimayenda mpaka ku dipi,
ndimawerenga ng'ombe za eni ake.
Sabata yatha, atandiimbira foni za fizi ya mwana,
ndinafika makumi anayi ndi zitatu.

Luwiza ali kwa mlongo wake ku Bangula,
akugulitsa makakana ouma pamsika.
Khutu lake lamanzere silimvanso.
Ndinafunsa ngati adzabwerera ndikamaliza.
Funso limenelo palibe pa pepala pano, anatero mayi.
Mwina sadzabwera, ndipo ndi ufulu wake.
Inu Lachinayi mubwere ndithu.

Loweruka anandilola kuona Joanita,
pakhonde la polisi, kwa ola limodzi.
Watalika, mano awiri akutsogolo aguluka.
Ndinam'gulira malambe ndi fanta.
Ntchentche inatera pa tsitsi lake,
ndinakweza dzanja kuti ndiiingitse,
iye anabisa mutu m'mapewa,
maso tsinzini, botolo osalisiya.

Ndinatsitsa dzanjalo pang'onopang'ono
n'kulikhalira.

Zimenezi ndikazinena Lachinayi,
ndikudziwa mawu oyambira.